MTUNDU WOSAFUFUZA MATENDA AKE UDIKIRA CIFUNDO CA ALENDO

M'caka ca 1910 akatswiri awiri a mumzinda wa Liverpool ku Mangalande, a Stephens ndi a Fantham, anapima magazi a munthu amene anadwala atayenda m'cigwa ca Luangwa, ndipo anapezamo kacirombo ka matenda a kaodzera ka mtundu umene sunali kudziwika kale. Kacirombo kameneka anakacha dzina lakuti rhodesiense, potengera dzina limene atsamunda anapatsa dziko lino. Pofika 1912 madotolo ena awiri, a Kinghorn ndi a Yorke, atagwira nchito m'cigwa momwemo, anatsimikiza kuti kashembe wa m'chire ndiye amanyamula matendawo kupatsira anthu. Dzina la matenda linacokera kwa atsamunda, mbiri inapita kwa akatswiri a ku Ulaya, ndipo maliro anatsalira Akunda, Asenga, Abisa ndi Ansenga okhala m'cigwamo.

Kuyambira 1949, munthu amene kaodzera anamulowa m'bongo anali kulasidwa nyeleti ya mankhwala ochedwa melarsoprol, amene ali ndi ciphe mkati mwake. Mankhwala amenewa anapulumutsa ambiri, komanso anali kupha pafupifupi wodwala mmodzi pa odwala 20 alionse olandira. Mapiritsi omwa ociza kaodzera wa mtundu wa ku Luangwa, ochedwa fexinidazole, anavomerezedwa mu Disembala 2023, atayesedwa ku cipatala ca Rumphi ku Malawi ndiponso ku Uganda. Panapita zaka zoposa 110 cidziwikire kacirombo kaja. Kucedwa kotere sikunadze cifukwa cakuti matendawo ndi ovuta kuposa ena onse. Odwala kaodzera ndi alimi, asodzi ndi alenje osauka, ndipo makampani opanga mankhwala saona phindu pakutaya cuma cao pa anthu osatha kugula. Nkhani iyi iphunzitsa cinthu cimene mtundu uliwonse wosauka uyenera kucigwira ndi manja awiri: dziko lopanda akatswiri ake ofufuza za matenda limadikira pa mzere, ndipo mzerewo ndi wautali.

Pamene Zambia inalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, nzika zimene zinatsiriza maphunziro a ku yunivesite zinali pafupifupi 100 cabe m'dziko lonse. Boma la a Kenneth Kaunda linatsegula Yunivesite ya Zambia mu 1966, pamodzi ndi sukulu la madotolo, ndipo madotolo oyamba ophunzitsidwa m'dziko muno anatuluka mu 1973. Patapita zaka ziwiri, mu 1975, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, mogwirizana ndi Boma la Zambia, linakhazikitsa malo ofufuzira matenda a m'maiko otentha pa cipatala cacikulu ca Ndola. Malo amenewa, odziwika ndi dzina lakuti TDRC, anapatsidwa nchito yofufuza malungo, likodzo, kaodzera ndi matenda ena osautsa anthu a m'midzi. Mu 1981 anaperekedwa m'manja mwa Zambia, ndipo mu 1982 Nyumba ya Malamulo inawapangira lamulo lao. Atsogoleri a nthawi imeneyo, ngakhale mtengo wa mkuwa unali utagwa ndipo cuma cinali kucepa, anazindikira kuti kumanga zipatala kokha sikukwanira ngati m'dziko mulibe anthu ofunsa cimene cikudwalitsa anthu ndi cimene cingawacize.

Kukula kwa vutoli pa dziko lonse kunaululika mu 1990, pamene komiti ya akatswiri ocokera m'maiko osiyanasiyana inawerenga ndalama zonse zoonongedwa pa kafukufuku wa zaumoyo. Inapeza kuti pa ndalama 100 zirizonse, 5 zokha ndizo zinali kupita ku mavuto a maiko osauka, pamene maiko omwewo ndiwo anali kusenza 93 peresenti ya imfa zimene zikanapewedwa. Komitiyo inalangiza kuti dziko lirilonse lipatule 2 peresenti ya ndalama zake za zaumoyo kuti zigwire nchito ya kafukufuku, ndi kuti maiko opereka thandizo apatule 5 peresenti ya thandizo lao la zaumoyo pa nchito yomweyo. Atsogoleri a mu Africa anali atalonjeza kale ku Lagos mu 1980 kuti adzaika 1 peresenti ya cuma ca maiko ao pa sayansi, ndipo ku Abuja mu 2001 analonjezanso kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Malonjezo amenewa analembedwa bwino, koma maiko amene anawakwaniritsa ndi owerengeka.

Mwina wina wa kumudzi angafunse kuti: kodi kafukufuku amathandiza ciani munthu amene cipatala cake ciri pa mtunda wa tsiku lathunthu, ndipo akafikako apeza mankhwala atatha? Kodi si bwino kugula mankhwala ndi ndalama zonsezo? Funso ili ndi loyenera, ndipo yankho lake liri m'mbiri ya dziko lomwe lino.

Kwa zaka zambiri mankhwala a malungo m'cipatala ciriconse anali chloroquine. Boma linali kuwagula, anamwino anali kuwagawa, makolo anali kumwetsa ana ao mokhulupirika. Koma kacirombo ka malungo kanayamba kupima mphamvu ndi mankhwalawo, ndipo ana anali kufa atamwa mapiritsi onse. Cimene cinaulula zimenezi ndi nchito ya anthu amene anakhala pansi m'zipatala za m'maboma, kupatsa odwala mankhwala, kuwapimanso magazi patapita masiku, ndi kulemba cimene anaona. Anapeza kuti m'madera ena theka la odwala silinali kucira. Pa umboni umenewu Boma linasintha lamulo mu 2002, ndipo Zambia inakhala dziko loyamba mu Africa kusankha Coartem kukhala mankhwala oyamba a malungo m'dziko lonse. Pakadapanda kufufuza kumeneku, ndalama za anthu zikadapitirira kugula mapiritsi opanda mphamvu. Tsono kugula mankhwala popanda kufufuza sikusunga ndalama ai, koma kuzitaya.

Citsanzo caciwiri ndi ca malemu Profesa Chifumbe Chintu, dotolo wa ana pa cipatala cacikulu ca UTH mu Lusaka. Pa nthawi imene mankhwala otalikitsa moyo anali asanafike kwa ana osauka, iwo ndi anzao a kuno ndi a ku Mangalande anayesa Septrin, mankhwala akale ndi otsika mtengo, pa ana oposa 500 okhala ndi kacirombo ka HIV. Akatswiri ambiri anali kukaika, cifukwa tizirombo tambiri ta mu Lusaka tinali titazolowera kale mankhwalawo. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2004, zinaonetsa kuti pa ana 100 alionse osalandira Septrin anafa 42, koma pa olandira anafa 28. Kusiyana kunali kwakukulu kotero kuti mayeso anaimitsidwa nthawi isanakwane kuti ana onse alandire. M'caka comweco mabungwe a WHO ndi UNICEF anasintha malangizo ao, ndipo ana a m'maiko ambiri anapulumuka cifukwa ca nzeru zotuluka mu Lusaka.

Cacitatu ndi nkhani ya khansa ya khomo la cibaliro, imene yapha amai ambiri m'dziko muno. Njira yopimira matendawa ku maiko olemera inafuna makina ndi akatswiri amene zipatala za kuno zinalibe. Kuyambira 2006 madotolo ndi anamwino mu Lusaka anakhazikitsa njira yopima ndi viniga wamba ndi kamera, yakuti namwino angathe kuona malo odwala ndi kuwaciza tsiku lomwelo, mai asanabwerere kwao. Anawerenga ndi kulemba zotsatira caka ndi caka, ndipo njirayo inafalikira ku zigawo zonse za dziko.

Ndiponso kafukufuku waonetsa kuti ngakhale m'dziko limodzi yankho silingakhale limodzi. Ku Macha m'boma la Choma, kumene malo ofufuzira malungo anayamba mu 2003, malungo anatsika kwambiri. Koma ku Nchelenge m'mbali mwa nyanja ya Mweru, kumene akatswiri a TDRC akhala akugwira nchito, malungo anakana kutsika ngakhale anthu analandira maneti ndipo nyumba zinapoperedwa. Atagwira udzudzu ndi kuupima, anapeza kuti mtundu wa udzudzu wofala ku Nchelenge ndi wosiyana ndi wa ku Macha, ndi kuti sunali kufa ndi mankhwala amene anali kupopera. Munthu wokhala mu ofesi ku Geneva kapena ku Washington sakadadziwa zimenezi. Zimadziwika ndi munthu wogona m'mudzi, wodzuka mamawa kukatola udzudzu pa cipupa.

Maiko ena osauka anayenda njira yomweyi. Madzi a mcere ndi shuga opatsa mwana wotsegula m'mimba, amene apulumutsa ana mamiliyoni ambiri, anayesedwa ku Dhaka ndi ku Calcutta, ndipo mu 1971 Dr Dilip Mahalanabis anaonetsa mphamvu yake m'misasa ya othawa nkhondo pamene kolera anabuka. Amodzi mwa mankhwala ali mu Coartem anacokera ku citsamba cimene asing'anga a ku China anali kucidziwa kuyambira kale. Dziko la China, liri losauka, linasonkhanitsa akatswiri ake mu 1967 kuti afune mankhwala a malungo, ndipo Mai Tu Youyou, amene anatsogolera kupeza mphamvu ya citsambaco, analandira mphotho ya Nobel mu 2015. Katemera woyamba wa malungo anayamba kuperekedwa kwa ana ku Malawi, Ghana ndi Kenya mu 2019, ndipo waciwiri anayesedwa ku Nanoro m'dziko la Burkina Faso motsogoleredwa ndi Profesa Halidou Tinto. Mu Novembala 2021 akatswiri a ku Botswana ndi South Africa, mmodzi wa iwo Dr Sikhulile Moyo, ndiwo anayamba kuzindikira mtundu watsopano wa COVID-19 wochedwa Omicron nacenjeza dziko lonse. Malipiro amene analandira anali akuti maiko olemera anatseka zitseko kwa apaulendo ocokera kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo Zambia. Nzeru mu Africa ziripo. Cosowa ndi cuma coziimika pa miyendo yake.

Apa ndipo pali bala limene siliyenera kubisidwa. Mbali yaikulu ya kafukufuku wa zaumoyo m'Zambia, monganso m'maiko ambiri a mu Africa, yakhala ikulipiridwa ndi ndalama za kunja. Mabungwe monga Zambart ndi CIDRZ agwira nchito yotamandika ndipo aphunzitsa ana ambiri a dziko lino, koma cuma cao cambiri cimacokera kutsidya kwa nyanja. Akale anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo palibe wanzeru amene angapitikitse mlendo wotere. Koma akale omwewo anatinso mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lambiri la kunja, ndipo pakati pa caka comweco bungwe la USAID linatsekedwa. M'maiko ambiri a mu Africa nchito zofufuza zinaima pakati ndipo anchito ophunzitsidwa bwino anauzidwa kukhala kunyumba. Cigamulo copangidwa tsiku limodzi ku Washington cinafika mpaka m'zipatala zazing'ono za m'midzi.

Kuonjezera apo, mwini ndalama ndiye amasankha funso. Matenda oopsa maiko olemera amapeza owafufuza msanga, koma pali mafunso ena amene mlendo sangawafunse kawirikawiri. Cuku comera pa nshawa ndi cimanga cosauma bwino cimatulutsa ciphe coononga ciwindi: kodi nkhokwe ya kumudzi ingamangidwe bwanji kuti cipheco cicepe? Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma fumbi la mtovu likali m'nthaka imene ana amasewerapo. Alimi amalumidwa ndi njoka kumunda, kutali ndi cipatala cokhala ndi mankhwala ake. Kolera amene anabuka mu Okutobala 2023 anadwalitsa anthu oposa 20,000 napha oposa 700, mpaka bwalo la masewera la Heroes mu Lusaka linasanduka cipatala ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Mafunso otere ndi a eni dziko, ndipo sadzayankhidwa mokwanira kufikira eni dziko atatulutsa ndalama m'thumba mwao.

Zina zacitika kale ndipo ziyenera kuyamikiridwa. Mu 2013 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo loyang'anira kafukufuku wa zaumoyo, limene linakhazikitsa bungwe lovomereza nchito zonse zotere ndi kuletsa kutumiza magazi kapena zina za m'thupi la munthu kunja kwa dziko popanda cilolezo. Mu 2020 panapangidwanso lamulo lokhazikitsa bungwe la ZNPHI, lolondola miliri isanafalikire. Likulu la cigawo ca kum'mwera la bungwe la Africa CDC liri mu Lusaka. Koma lamulo liri ngati nkhokwe: kuimanga ndi cinthu cina, kuidzaza ndi cinanso.

Udindo woyamba uli pa Boma ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo. Gawo lija la 2 peresenti liyenera kuoneka m'bajeti caka ndi caka, ndipo ndalamazo zizifika kumene zinalembedwera. Katswiri sapangidwa m'caka cimodzi. Kuti mwana wa m'giredi 12 akhale dotolo, kenaka aphunzire kufufuza kufikira atatha kutsogolera anzake, pamapita zaka zoposa 10. Ngati pambuyo pa zonsezi abwerera kwao napeza makina akufa, magetsi ozimazima ndi malipiro osakwanira, adzapita ku London kapena ku Johannesburg, ndipo msonkho wa mlimi amene anamuphunzitsa udzapindulira ena. Kusunga katswiri mmodzi ndi kochipa kuposa kuphunzitsa wina watsopano. Ndiponso malo ofufuzira asaunjikane mu Lusaka ndi Ndola mokha. Zipatala za Chipata, Katete, Lundazi ndi Petauke zimaona odwala zikwizikwi, ndipo mabuku ao ali ndi mayankho amene akudikira wowawerenga.

Udindo waciwiri uli pa abwenzi a kunja. Ubwenzi woona uoneka pamene nzika za dziko zikhala pa mpando posankha funso, posunga ndalama ndi polemba maina pa zotsatira. Mlendo wobwera kudzatenga magazi ndi kukwera ndeke, osasiya makina kapena munthu wophunzitsidwa, acita zomwe zija zinacitika m'cigwa ca Luangwa zaka zoposa 100 zapitazo.

Udindo wacitatu uli pa anthu a m'midzi ndi atsogoleri ao: mafumu, nyakwawa, apampando a nthambi ndi mawadi, a mipingo, ndi makomiti a zaumoyo. Palibe kafukufuku amene angatheke popanda mai wolola kuti mwana wake apimidwe, kapena bambo wolola kuti nyumba yake icheredwe msampha wa udzudzu. Mantha amene ena ali nao poona anthu otenga magazi sayenera kusekedwa. M'masiku a atsamunda munali mphekesera za abanyama, ndipo m'zaka za pambuyo pake anchito a zaumoyo ena ananenedwa kuti ndi a satana. Ndiponso mbiri ya dziko lapansi iri ndi zoipa zenizeni: ku Tuskegee m'dziko la America, kuyambira 1932 mpaka 1972, amuna akuda odwala cindoko anasiyidwa osacizidwa kuti madotolo aone mmene matendawo amaphera munthu. Zoipa zotere ndizo zinabala malamulo oteteza anthu amene alipo tsopano.

Motero mankhwala a mantha si kuthamangitsa ofufuza ndi miyala, komanso si kuvomera ciriconse mwa manyazi. Safunsa anadya phula. Ofufuza akafika m'mudzi, ayenera kuyamba kwa mfumu ndi kuonetsa kalata ya cilolezo. Ayenera kufotokoza m'cinenero cimene anthu amamva cimene afuna kudziwa, cimene adzacita ndi magazi, ndi zovuta zimene zingagwe. Munthu aliyense ali ndi ufulu wokana, ndiponso wosiya pakati, ndipo palibe amene angamumane mankhwala ku cipatala cifukwa cakuti anakana. Mfumu singavomere m'malo mwa munthu wamkulu, ndipo mwamuna sangasaine m'malo mwa mkazi wake. Nchito ikatha, mudzi uli ndi ufulu wofunsa kuti: munapeza ciani? Atsogoleri amene adziwa zimenezi angathe kuteteza anthu ao kwa onyenga, ndi kutsegulira njira anchito oona.

Asing'anga a zitsamba naonso ali ndi malo pa nchito imeneyi. Nkhani ya citsamba ca ku China ionetsa kuti m'nzeru za makolo mungatuluke mankhwala opulumutsa dziko lonse, komanso ionetsa kuti citsambaco cinathandiza mamiliyoni pokhapokha citapimidwa, muyeso wake utadziwika ndi zoopsa zake zitalembedwa. Sing'anga wokhulupirira mankhwala ake alibe cifukwa coopera kupimidwa kwake, malinga ngati lamulo liteteza dzina lake ndi phindu lake.

Potsiriza, makolo a m'midzi akumbukire kuti ofufuza a mawa ali m'masukulu a pulaimale lero, ena akuyenda opanda nsapato. Mtsikana wocotsedwa pa sukulu kuti akwatiwe akadakhala iye wopeza njira yothetsera kolera. Pamene aphungu ndi makhansala abwera kudzacititsa misonkhano, anthu asafunse za feteleza ndi misewu zokha. Afunsenso kuti ndi ndalama zingati zimene Boma laika pa kufufuza matenda a m'dera lao, ndiponso kuti sukulu la sekondale la m'boma lao liri ndi cipinda cophunzirira sayansi kapena ai. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ndi wa mphepo. Anthu a m'cigwa ca Luangwa anadikira zaka zoposa 110 kuti alandire piritsi la kaodzera. Adzukulu ao sayenera kudikiranso motere.